Mafuta a Nsatsi pa Mpando wa Bwana

Ndinali ndi mkazi mnzanga wa matayala anayi. Ndimamutchula choncho mpaka lero, chifukwa amuna anga ankamusisita kuposa mmene ankandisisitira ine. Mawu amenewa ndinkawauza pamaso, iwo n'kumangoseka.

Amuna anga anali dalaivala wa bwana wina wa esiteti ya fodya, mwini sitolo pa Mponela koma wokhala ku Lilongwe. Ine ndinkakhala kumudzi kwathu, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, ndi mwana wathu wamkazi amene anali asanayambe sukulu. Zaka zoyamba za ukwati wathu, amuna anga ndinkawaona pa Khirisimasi ndi pa maliro basi.

Zinthu zinasintha atabwera matipate. Bwana uja anaganiza zoimira uphungu kwawo, cha ku Kasakula, ndipo mwadzidzidzi anakumbukira kuti ali ndi abale. Lachisanu lililonse amuna anga ankakawatula kwawoko, n'kubwerera ndi galimoto kudzagona kwathu. Loweruka bwana ankakhala pakhonde pawo kukambirana ndi akuluakulu a m'midzi, galimoto osaifuna. Lamulungu ndiye ankayendera matchalitchi ndi misonkhano. Choncho Loweruka linali langa. Anthu ankakangana za zipani pachitsime mpaka ena kusiya kupatsana moni, koma ine chipani changa chinali Loweruka. Ndinkapemphera kuti kampeni isathe.

Vuto linali loti Loweruka langalo ndinkagawana ndi mipando. Galimotoyo inali yakale, yochokera ku Joni, ya mipando yachikopa yofiirira ngati fodya wouma bwino. Sabata yonse inkanyamula zonse zimene munthu wofuna mavoti sangakane: amayi oimba thukuta lili kamukamu, nkhuku zomanga miyendo, mtedza wauwisi, mbatata ya kachewere, odwala. Ikamafika kwathu inkakhala ikununkha msika.

Amuna anga sankapupuluma nayo. Ankaiimika pansi pa mtengo wa mango, ati dzuwa limaumitsa chikopa. Ankayamba ndi kaburashi kofewa kuchotsa fumbi, ndipo m'misoko ankatokosamo ndi nthenga ya nkhuku, kutulutsa mchenga ndi makoko a mtedza. Kenako madzi ofunda. Ofunda, osati otentha, ankandiuza kawiri ngati sindinasambitsepo khanda. Kasopo pang'ono, kansalu kofinya mpaka kusiya kudontha. Akapukuta ankatsegula zitseko zonse zinayi kuti mipando iume yokha. Pomaliza ankatenga kachitini ka mafuta oyera amene bwana anabwera nawo kuchokera ku Joni, n'kumapaka ndi nsonga ya chala, mozungulira, pang'onopang'ono. Pofika poti amalize, tiyi ndinkakhala nditatenthetsa kawiri.

"Bambo a mwana, kodi munakwatira ine kapena mipando?" ndinkawafunsa, ndili chiimire ndi kapu m'manja.

"Mayi a mwana, mipando imeneyi ndi imene imandibweretsa kuno," ankayankha osatembenuka. "Ikawonongeka, bwana andichotsa ntchito. Ndiye ndikalowera ku maesiteti a ku Kasungu, mudzandionera kuti?"

Zinali zoona, n'chifukwa chake zinkandipweteka.

Loweruka lina, chisankho chitayandikira, mafuta a m'chitini anatha. Ndinaona amuna anga akukanda pansi pa chitini ndi chala, maso ali pa mng'alu umene unayamba pa mpando wakumbuyo, kumanzere, pamene bwana ankakhala. Ndinawauza kuti ndili ndi mafuta a nsatsi m'nsupa, oyenga ndekha, amene amatseka ming'alu ya kumapazi ngakhale m'nyengo yozizira.

"Mpando wa bwana si chidendene," anatero.

Atangomaliza kupukuta, anatulukira amalume anga. Ankafuna mkamwini akawathandize kudinda mabelo a fodya, chifukwa jeke wodindira anali wobwereka ndipo mwini wake ankamufuna tsiku lomwelo. Mkamwini sakanira amalume a mkazi wake. Amuna anga anavala shati yakale n'kuwatsatira, zitseko za galimoto zili chitsegulire.

Ndinakhala pakhonde mtima ukuwira. Mabelo mpaka masana, akabwera mipando mpaka madzulo, nanga ine liti? Ndinaganiza kuti ndikawamalizira ntchito ya mipandoyo, akabwera akhala nane pamphasa ngati amuna a anzanga. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga nsupa.

Kwathu mafuta a nsatsi sitichita nawo umbombo. Khanda timalidzoza mpaka kunyezimira, namwali akamatuluka timamudzoza mpaka mafuta kutsetsereka m'mapewa, ndipo wodzoza monyinyirika amasekedwa. Ndiye mipando ija ndinaidzoza ngati anamwali. Ndinkathira m'manja n'kumapaka, kuthiranso n'kumapaka, ndipo mng'alu uja ndinachita kuumwetsa. Nsupa yonse inatha. Nditaima patali kuyang'ana, mipando inkawala ngati sanakhalepo munthu, ndipo ndinadzitama ndekha.

Amuna anga anabwera masana, manja ali bii ndi phula la fodya. Anaima pa chitseko chakumbuyo, kukhudza mpando ndi chala chimodzi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Mawa bwana avala suti yoyera," anatero motsitsa mawu. "Akukapereka moni ku tchalitchi."

Pomwepo ndinawaona bwana m'maganizo mwanga, akutsika galimoto pamaso pa mpingo wonse, kumbuyo kwa thalauza kuli mawanga awiri a mafuta, kenako amuna anga akubweza makiyi. Ndinkafuna kutalikitsa Loweruka limodzi, koma ndinali pafupi kuthetsa onse otsala.

Ndinang'amba chitenje changa chakale, tinayamba kupukuta, iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Tikapukuta mpando unkaoneka wouma, tikadikira pang'ono mafuta ankatulukanso. Nsalu zinatha, mafuta osatha. Ndipamene ndinakumbukira kuti ndili mtsikana nsupa inagubuduzika pamphasa yatsopano, ndipo amayi anga anathirapo ufa woyera kuti umwe mafutawo.

"Mwayamba ndi nsatsi, tsopano ufa," anatero amuna anga nditawauza. "Kenako muthira mchere?"

Koma pakamwa pawo panaoneka kakumwetulira, ndipo anandilola. Tinawaza ufa pa mipando yonse mpaka galimoto kuoneka ngati chigayo. Ufa umafuna nthawi kuti umwe mafuta, ndiye panalibe china chochita koma kudikira. Tinakhala pansi mu mthunzi, misana titatsamira tayala, mwana akusewera ndi chitini chopanda kanthu chija.

Tsiku limenelo amuna anga analankhula kuposa zaka zonse za ukwati wathu. Anandiuza za kachipinda kawo kuseri kwa nyumba ya bwana, kopanda windo, mmene ankadyera okha mbale ili pamiyendo. Anandiuza kuti malaya awo ankawasita okha, ndipo mabatani ankasoka ndi ulusi wa mtundu uliwonse umene aupeza. Kenako anati, "Lachisanu ndikangoona mapiri athuwa, phazi limaponda moto lokha. Bwana mpaka amadandaula." Ine ndinkayesa kuti wosowa mnzake ndinali ndekha. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga.

Ufa woyamba tinausesa utasanduka wachikasu. Tinawazanso, kudikiranso, kusesanso, katatu konse. Nthenga ya nkhuku ija anandipatsa ine, n'kundigwira dzanja kundionetsa mmene amaiyendetsera mu msoko osakanda chikopa. Pomaliza tinapukuta ndi madzi ofunda a kasopo pang'ono, ndipo nthawi imeneyi sanandiuze kawiri.

Dzuwa litapendeka anandituma kukatenga duku langa loyera la ku tchalitchi. Analiyala pa mpando wa bwana.

"Khalani apa. Mukhale ndithu, molemera, ngati bwana."

Galimoto ija inakhala ikugona pakhomo pathu miyezi ingapo, koma aka kanali koyamba kuti ndikhalemo. Mpando unandilandira mofewa, ukununkhira nsatsi zanga. Amuna anga anatseka chitseko mwaulemu, kuzungulira, kukhala pa mpando wawo, n'kukonza kagalasi ka pamwamba mpaka maso athu anakumana.

"Tipite kuti, adona?"

"Tisapite kulikonse," ndinayankha.

Tinakhala choncho kanthawi ndithu, injini yozima, nkhuku zikutola ufa pansi. Nditadzuka, duku linali loyera ngati mmene linalili.

Sabata imeneyo inanditalikira. Lachisanu nditamva kulira kwa galimoto kutsidya la dambo, ndinathamanga mpaka kumsewu osavala nsapato. Amuna anga anandiuza kuti suti inatuluka yoyera. Bwana, ati, atalowa ananunkhiza kawiri, kenako n'kunena kuti m'galimoto mukununkhira malemu amayi awo. Za mafuta sanafunse. Ntchito inapulumuka.

Chimene nsatsi zanga sizinawononge anadzachimaliza ndi mavoti. Bwana anapambana, ndipo ine wopusa ndinalulutira nawo pamodzi ndi anzanga. Posakhalitsa anagula galimoto yatsopano yoyenera phungu, yakale ija n'kuigulitsa, ndipo abale aja anawaiwalanso. Amuna anga anabwerera ku Khirisimasi ndi maliro. Lachisanu ndinkatcherabe khutu kutsidya la dambo, ngakhale ndinkadziwa. Chisankho chachiwiri chisanafike, maliro amene anawabweretsa kumudzi anali awo omwe. Anabwera pa lole.

Patapita zaka, ndinapita ku Mponela kukagula feteleza. Pa siteji ndinaona galimoto yonyamula matola opita ku Dowa, penti yosuluka, chitseko chimodzi chomanga ndi waya. Ndikanaidutsa, koma maso anagwera m'kati. Mipando yakutsogolo inali itang'ambika, masiponji ali pamtunda. Koma wakumbuyo, kumanzere, unali ndi banga lakuda pamene ndinamwetsa mafuta paja, ndipo mng'alu uja unali pomwe unalekezera tsiku lija.

Ku Dowa ndinalibe chokachita. Feteleza ndinali ndisanagule. Ndinapempha bambo wina amene anali atakhala kale pamenepo kuti asunthe, ati chifukwa chiyani, ndinati ndimachita chizungulire ndikakhala pakati. Ndinakhala molemera. Ndinaweramira pa chikopa ngati ndikukonza nsapato, koma fungo la nsatsi linali litatha kalekale. Munkangonunkha petulo ndi usipa wa munthu wina.

Titadzaza, dalaivala, bambo amene sindinkawadziwa, anakonza kagalasi ka pamwamba n'kuyamba kufunsa aliyense kotsikira. Atafika pa ine, maso athu anakumana pagalasipo.

"Nanga inu mayi, mukupita kuti?"

Yankho limene linabwera pakamwa panga linali lakale lija, ndipo ndinalimeza. Ndinaika dzanja pa banga lakuda lija.

"Yendetsani, bambo," ndinatero. "Ndikuuzani kutsogolo."