Mdzukulu Wobwereka wa Mayi Watsika

Dzina lawo lenileni lilipo ndithu, koma linachita dzimbiri chifukwa chosaitanidwa. Ku sikelo ya ana, pakachipatala kakang'ono kaja, aliyense amawadziwa kuti Mayi Watsika. Mwana akangolendewera m'kabudula wa sikelo, muvi n'kunjenjemera n'kuima, iwo amakankhira magalasi m'mwamba ndi chala n'kuponya liwu limodzi lomveka mpaka kwa ogulitsa nthochi pageti: "Watsika!" Zikatero make mwanayo amangoweramitsa mutu, podziwa kuti ulaliki wayamba ndipo sutha msanga.

Amene anawaona akuyamba unamwino amalumbira kuti kale sanali otero. Akuti anali kamtsikana kowonda, kokonda kununkhiza timitu ta makanda. Masiku ano mapazi anatupa. Nsapato zawo zoyera anazidula kumbuyo ndi lezala kuti zidendene zipume. Namwino mnzawo anapita kukawonjezera maphunziro, ndipo zikuoneka kuti maphunzirowo akuwonjezekabe, chifukwa sanabwerenso. Ndiye katemera ndi iwo, amayi oyembekezera ndi iwo, sikelo ndi iwo, wina akapsa ndi madzi otentha ndi iwo omwe. Tiyi amene amathira m'mawa amamwedwa ndi ntchentche. Amuna awo anamwalira kalekale, moti kunyumba amangofikira kuviika mapazi m'beseni, nthawi zina n'kugona ali chikhalire mpaka madzi kuzizira.

Kutopa kumadya munthu mwakachetechete ngati chiswe, ndipo Mayi Watsika kunayamba kuwadya maso. Mzere ukatalika mpaka kukakhota pa thanki ya madzi, nkhope za ana uziyang'ana nthawi yanji? Anazolowera kulandira mwana m'khwapa, kumukoleka, kuyang'ana muvi, kukalipa, wotsatira. Mukanawapatsa dzungu lovala chipewa akanaliuza tsiku lobwera ku katemera.

Azimayi nawo si ana. Poopa kukalipiridwa pagulu, anaphunzira kuthandiza muvi. Wina amaveka mwana juzi pamwamba pa juzi dzuwa likuswa mtengo. Wina amasiya dala thewera lonyowa. Wina anabisa loko wa pakhomo m'sokosi ya mwana, n'kugwidwa lokoyo atagwera pa chala cha namwino. Zonsezi Mayi Watsika ankazidziwa, ndipo ankadzitama nazo. "Ine munthu sandinamiza pa sikelo," ankatero akudzimenya pachifuwa.

Tsono mayiwa ali ndi mwana mmodzi yekha, wowotcherera zitsulo, amene amakhala kutsidya kwa njanji ndi mkazi wake, mtsikana wofatsa woyankhula ngati akupepesa. Banjali litapatsidwa mwana wamwamuna, mpongoziyo anabwera naye ku sikelo monga aliyense. Ulendo woyamba anakwera. Ulendo wotsatira muvi unabwerera m'mbuyo pang'ono. Anthu pamzere anaganiza kuti mbalame ikatera pa uta siilasika. Ayi ndithu, anailasa.

"Watsika! Mdzukulu wa namwino kutsika! Inu, mukufuna anthu azindiloza zala? Mabere awiri onsewo ndi okongoletsera bulauzi?"

Mtsikanayo anabereka mwana wake n'kutuluka, misozi ili m'maso, ndipo sanaonekenso. Miyezi inadutsa. Agogo nawo kutsidyako sanapondeko. Loweruka amachapa yunifolomu, Lamlungu mapazi amakana. Ankangotuma mawu pa foni kwa mwana wawo: "Uwauze akazi akowo abwere naye mwana ku sikelo, ndisachite kudzawatenga ndi apolisi."

M'mawa wina wotentha, mzere utakhota kale pa thanki, mpongozi uja anatulukira. Chapatali pang'ono pambuyo pake pankabwera mayi wina wojintcha, neba wake, amene sanalowe koma anakaima panja pa windo ngati akudikira basi. Nthawi yake itakwana, mpongozi anamasula nsalu n'kupereka mwana, maso ali pansi. Mwanayo anali atamuveka chipewa chofika m'maso.

Mayi Watsika atamulandira, msana unachita kulira. Anamukoleka. Muvi unathamanga ngati wathamangitsidwa ndi galu. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi kolala, kuwavalanso. Kenako anachita chinthu chimene mayi okolopa, amene akalambira pachipatalapo, akuti anali asanachionepo: anaseka mano onse kuonekera.

"Wakwera! Azimayi inu, tatembenukirani kuno. Mukumuona mwana uyu? Mdzukulu wanga ameneyu. Taonani ntchafuzi! Khosi mukuliona ngati? Mumati ndimakalipa zopanda pake. Amake ndinawakalipira pompano, ena mwa inu munalipo, lero si izi? Ndipo mphumi iyi ndi ya malemu amuna anga yeniyeni, sanaphonye ngakhale pang'ono."

Anamunyamula m'mwamba n'kuzungulira naye mabenchi ngati chikho cha mpira. Azimayi ena anaomba m'manja. Koma ena, ochokera kutsidya kwa njanji, anayamba kutsinana, akubisa pakamwa ndi nsalu.

Mwanayo, poona kuti akuzunguzidwa ndi munthu wachilendo wonunkha sipiriti, anatsegula kukamwa. Kulira kwake kunali kolingana ndi thupi lake. Ndiye pa sikelo pali lamulo limene Mayi Watsika sanalithyolepo kwa wina aliyense: mwana akalira, bere pomwepo. Anamubweza kwa mpongozi wawo.

"Muyamwitseni."

"Akayamwa kunyumba, amayi."

"Kunyumba? Njala imadziwa njira ya kunyumba? Khalani apo. Anzanuwa aone mmene mwana wa thanzi amayamwira."

Mpongozi anakhala pa benchi, chala chili pa batani la bulauzi, osalimasula. Mwana anapinda msana, kupalasa, kutambasula manja onse awiri cha ku windo. Pa windopo mayi wojintcha uja anali atadzigwira pachifuwa, mkaka utadontha kale n'kunyowetsa diresi. Anapirira, anapirira, kenako analowa ngati kamvuluvulu, akulumpha miyendo ya anthu.

"Iii, aneba, pepani, pangano lathera pompa. Tinagwirizana zokweza sikelo basi, zoyamwitsa sitinakambirane. Bwera kuno Thumba, bwera kwa amako, akupha ndi njala anthuwa."

Thumba anakakamira bere n'kukhala chete ngati wailesi yozimitsidwa. M'chipinda monse munangomveka kumeza kwake. Kenako wina kumbuyo ananong'ona mokweza kuti, "Mphumi ya malemu," ndipo mabenchi onse anagwedezeka.

Mayi Watsika kusekako sanakumve bwino. Anangoima, kabudula wa sikelo ali m'manja. Anayesa kukumbukira nkhope ya mdzukulu wawo, koma m'mutu munangobwera pamene muvi unaima tsiku lija anakalipa. Maso a mwanayo, mphuno, pakamwa, zonse mbee.

"Wanga ali kuti?" anafunsa, ndi liwu laling'ono limene anthu sankadziwa kuti ali nalo.

"Ali kwa anebawa, amayi. Akumuyang'anira apongozi awo."

"Chifukwa?"

"Akutsegula m'mimba. Bere akungoligwira n'kulisiya. Ndimati achire kaye, anenepeko pang'ono, ndiye ndibwere naye. Koma bambo ake anati mwaimbanso foni. Ndinaopa kuti mukamukoleka..." Sanamalize.

"Chiyambire liti?"

"Sabata yathayi."

Namwino anapachika kabudula pa mbedza n'kuyamba kutuluka. Mayi okolopa anawatsekereza ndi chokolopera. "Nanga mzerewu, anamwino?"

"Mzere sufa. Auzeni adokotala akonze bedi ndi diripi ya mwana."

Kuchokera pachipatala kukafika kutsidya kwa njanji si patali kwa munthu wa mapazi ake, koma Mayi Watsika mapazi awo anali ngati obwereka. Nsapato zodulidwa kumbuyo zija zinkavuka m'fumbi, iwo n'kumazikoka ndi zala. Mpongozi ankayenda patsogolo, akucheukacheuka. Anadutsa pamene mwana wawo amawotcherera zitsulo, ndipo iye atakweza chigoba chake cha kumaso n'kuona amake ali mu yunifolomu nthawi ya ntchito, anazimitsa makina osafunsa kanthu n'kuwatsatira.

Mwanayo anamupeza atagonekedwa pa bulangete, m'chipinda chotentha chonunkha matewera. Agogo a kwa neba ankamukupiza ndi chivindikiro cha ndowa. Mayi Watsika anagwada, mawondo akudandaula, n'kumunyamula. Manja awo, amene anyamula ana a anthu onse a m'deralo, sanafune sikelo. Anali wopepuka ngati nsalu youma. Liwombo linali litalowa, milomo itauma. Anatsina pang'ono khungu la pamimba, ndipo linachedwa kubwerera.

Kenako anamuyang'ana nkhope, nthawi yaitali. Mphumi sinali ya malemu m'pang'ono pomwe. Koma makutu, makutu otambalala ngati zogwirira za poto, anali awo enieni, omwe aja akhala akuwabisa pansi pa kachipewa ka unamwino moyo wawo wonse.

Mpongozi anali ataima pakhomo, mapewa atakwera, akudikira liwu lija. Liwulo linabweradi mpaka pammero, paja chizolowezi sichipempha chilolezo. Analimeza.

"Ndipatseni nsalu, mwana wanga. Ndimubereka ine."

"Amayi, msana wanu uja," anatero wowotcherera zitsulo.

"Iwe khala chete. Sabata yathunthu ukuwotcherera mageti a anthu, mwana akuuma m'nyumba. Tikambirana bwino." Ena akuti apa m'pamene anadziwa kuti mayiwa ali bwinobwino.

Kuchipatala adokotala anavutika kupeza mtsempha pa kadzanjako, koma anaupeza. Madzi anayamba kudontha. Mayi Watsika anakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi, n'kuonetsa mpongozi wawo kafinyidwe ka mkaka m'kapu, pang'onopang'ono, osakweza mawu. Ankamudonthezera mwanayo ndi kasupuni. Wina unkalowa, wina unkatsikira m'khosi. Ankapukuta ndi chala n'kuyambanso. Dzuwa linapendeka, linachoka pa windo n'kukagwera pa khoma. Mayi okolopa anabweretsa tiyi, ndipo ntchentche zinamulandira monga mwa masiku onse.

Chakumadzulo mwanayo anatsegula maso, n'kuyamba kufunafuna ndi pakamwa. Make anamuika pa bere. Analigwira, analisiya, analigwiranso. Ulendo uno sanalisiye. Timasaya tinayamba kulowa ndi kutuluka.

"Amayi," ananong'ona mpongozi. "Amayi, akuyamwa."

Mayi Watsika anali atagona ali chikhalire, magalasi atapendekera pa khutu limodzi, nsapato imodzi itavuka, dzanja litagwira kaphazi ka mdzukulu wawo.

"Asiyeni," anatero mayi okolopa. "Mukawadzutsa ayamba."

Kunja, azimayi amene anatopa kudikira anali atayamba kukwezana ana okha. Make Thumba ndiye anadziika pa unamwino, ataima pa sikelo ndi magalasi obwereka. Anakoleka mwana wa mnzake, anayang'ana muvi, anayang'ana ku chitseko cha chipinda chogona odwala, n'kunena motsitsa kwambiri kuti eni liwu asamve: "Watsika. Koma tamuvulani chipewacho kaye, timuone kuti ndi wa ndani."