Tsiku Limene a Jasper Analowera Khomo Lakumaso

Alamu anga a Jasper Kalilombe anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nakagwira ntchito yoperekera zakudya mu hotela ina ya azungu ku Bulawayo mpaka imvi zinamera. Kumudzi anabwerako kamodzi kokha, kudzakwatira mkulu wanga Evelina, basi. Ife tinkangowaonera pa zithunzi atavala suti yakuda, ndipo anthu ankanyadira kuti a Jasper amadya ndi azungu. Zoona zake n'zakuti ankaima kumbuyo kwa azungu akudyawo.

Ndinapita kukawazonda mu 1981, dziko la kumeneko litangolandira ufulu, chifukwa Evelina ankadwala miyendo. Ndinawapeza ku Barbourfields m'kanyumba kazipinda ziwiri, alamu atapuma ntchito. Koma ntchitoyo inali isanawapume. Ankayenda mopanda mgugu, moti umangodzidzimuka ali pambali pako, ndipo tiyi ankakupatsa dzanja lina lili kumbuyo. Ndinkawaseka kuti, "Alamu, mundizoloweza zoipa, kwathu andithamangitsa."

Chimene ankachikonda ndi mtima wonse chinali dansi yogwirana. Paunyamata wawo, iwo ndi Evelina ankavina ku holo ya ku Makokoba anthu n'kuwasiyira bwalo. Koma bwalo limene ankalilakalaka linali la kuhotela kuja, lamatabwa opukutidwa. Zaka zonsezo ankaima m'mbali atanyamula thireyi, kuonerera azungu akupondana zala, iwo phazi likuvina lokha m'kati mwa nsapato. Munthu wakuda sankaloledwa kupondapo, kupatula popukuta.

"Mlamu, mlendo ndi mame," anandiuza tsiku lina. "Musanabwerere, Loweruka lino tikakhala pampando muhotela muja, ine ndivine ndi mkulu wanuyu. Mukanene kumudzi kuti ufulu munauona ndi maso."

Evelina anakana, anati miyendo ikumuwawa. Koma ataona mwamuna wake akusita suti ija kachiwiri, anatulutsa diresi yake mwakachetechete.

Tinatsika basi dzuwa likulowa. Titayandikira, alamu anakhotera kukanjira kopita kukhitchini. Ndinawakoka jekete. "Alamu, khomo lili uku." Tinaseka, koma iwo thukuta linali litayamba kale.

M'kati munali azungu ambiri ndi anyamata akuda ochepa a ntchito zamaofesi. Amene anabwera kudzatilandira anali Moses, mnzawo wa alamu wa ku Dedza amene anagwira naye ntchito zaka zambiri.

"Madala, mwalowera kumaso lero?" anafunsa monong'ona.

"Yebo. Tebulo la anthu atatu, Moses. Lero ndine kasitomala."

Anakhala ndithu, koma kunsonga kwa mpando ngati munthu wodikira mlandu. Maso awo sankakhala pa ife. Ankaona tambula yatha apo, foloko yagwa uko. Evelina anawagwira bondo kuti akhazikike. Oimba atayamba nyimbo yodekha, nkhope yawo inawala. Anaimirira, namanga batani la jekete, natambasulira mkazi wawo dzanja. Evelina anayamba kudzuka pang'onopang'ono, atagwira tebulo.

Pomwepo mzungu wina wonenepa, amene anali atakhuta mowa, analiza zala osatembenuka n'komwe. "Boyi! Buya lapa!"

Ankati bwera kuno, kuitana woperekera zakudya aliyense, osati alamu. Koma Evelina asanamalize kuimirira, dzanja lija linali litachoka. Alamu anali atafika kale patebulo la mzunguyo, atawerama, kansalu kopukutira pakamwa ka patebulo lathu kali pamkono.

"Yebo, nkosi," anatero, kutanthauza kuti inde bwana.

Mzunguyo analoza matambula opanda kanthu. Alamu anawatolera mwaluso, nayamba ulendo wa kukhitchini, kudutsa pabwalo lovinira. Atafika pakati penipeni ndi pamene nzeru zinawabwerera. Anaima. Ovina ankawazungulira, iwo ali chilili, matambula m'manja. Anyamata a maofesi aja anaphulika kuseka, wina mpaka kumenya tebulo. Kuseka kwa mzungu ndikanakupirira, koma kwa ana akuda aja kunandiwawa mpaka lero. Moses anathamanga kukawalanda matambulawo, maso ali pansi.

Alamu anabwerera patebulo koma sanakhalenso. Evelina, amene anali chiimire pa miyendo yotupa ija, anawachotsa kansalu pamkono, nakapinda bwinobwino, nakaika pansi.

"Bambo, nyimbo sinathe," anatero. "Tiyeni tivine."

"Ayi, mayi. Tiyeni kunyumba."

Tinakwera basi kubwerera kunyumba. Masiku otsatira alamu ankangokhala pakhonde, osameta, wailesi osatsegula. Ndinayesa nthabwala zanga zonse, koma zinkangogwera pansi. Ndinakwiya nawo, ndinakwiya ndi hotela ija, ndinakwiyanso ndi ufulu umene unabwera munthu atapindika kale msana.

Tsiku lobwerera anandiperekeza kusiteshoni. Anandinyamulira chikwama mpaka m'sitima, nachikweza pamwamba, kenako anaima pawindo chipewa chili m'manja.

"Mlamu Loice, kumudzi akakufunsani."

"Akandifunsa, inde."

"Mukawauze kuti tinavina."

Ndinawalonjeza. Evelina anamwalira chaka chotsatira, miyendo ija itakana kuchira, ndipo alamu sanachedwe kumutsatira. Kumudzi aliyense ndinamuuza kuti anavina mpaka azungu kuwaombera m'manja, ndipo achibale anasangalala kwambiri. Ine ndinkati ndikamaliza kufotokoza, ndinkapita kuseri kwa nyumba kukalira.