Ulusi wa Buluu Pansi pa Bampala

Mota ya galimoto yanga sinapse. Chimene chinapsa ndi inveta, bokosi limene limatenga magetsi a m'batire lalikulu n'kuwapereka ku mota, ndipo amene anaiwononga si munthu amene ine ndinamuneneza.

Galimotoyi ndi ya haibridi, imayendera petulo ndi magetsi. Ndinaigula nditatopa n'kuswera pamzere wa mafuta. Mwezi wa Juni uno ndinaipititsa ku galaja ya makanika wina pa boma, bambo amene timapemphera tchalitchi chimodzi, kuti asinthe oyilo ndi mabuleki. Ndisanaisiye ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse: ndinadontheza penti ya zikhadabo ya akazi anga pa batire laling'ono, pa matayala ndi pa mabauti amene dzanja langa linafikapo. Zosinthanitsa zipangizo m'magalaja ndazimva kambiri.

Patatha masiku asanu, ine ndili ku Lilongwe, alamu anga, alongo awo a akazi anga, anaibwereka kupita kumaliro ku Bembeke. Iwowa anayendetsapo minibasi zaka zambiri. Nditabwera ndinaipeza ili pakhomo koma yosalira. Ndikadina batani, pa dashibodi pankangoyaka chizindikiro chofiira.

"Yabwera bwinobwino, alamu," anandiuza. "Yangozima pageti pomwepa, ife n'kuikankhira mkati."

Maganizo anga anathamangira kwa makanika uja. Ntchito ya theka la tsiku anaigwira masiku awiri. Nditamuimbira, asanaione n'komwe galimotoyo, anati, "Mwina mota yapsa, bwerani nayo tiitsitse." Ndinafufuza madontho anga a penti ndipo onse analipo, koma mtima sunatsike. Ndinati wakuba wochenjera amagwira pamene sunaikepo chizindikiro.

Lamlungu, titatuluka Misa yoyamba, ndinauza abambo atatu panja pa tchalitchi kuti makanikayo wandisinthira mota. Pofika Lachiwiri mmodzi wa iwo, mphunzitsi wa ku sekondale, anali atakachotsa galimoto yake ku galajako isanakonzedwe. Lachinayi ndinadutsa wapansi, ndinaona bwalo la galaja lili ndi galimoto imodzi yokha. Ndinkaona ngati ndathandiza anthu.

Umboni wokha ndi umene ndinalibe. Ndinaitana mmisiri wa zamagetsi a galimoto, Msilamu wokhala ndi shopu m'mbali mwa msewu waukulu. Anafika Lachisanu masana atachoka ku mzikiti. Nayenso sindinamukhulupirire. Ndinaima kumbuyo kwake ndi kope, kulemba chilichonse chimene wagwira.

"Madala, mukulembatu kwambiri," anatero. "Mukufuna mutsegule galaja yanu?"

"Ndikufuna ndidziwe ngati mota ili mkatimu ndi yanga."

"Tiona. Koma imani patali pang'ono, magetsi a umu sadziwa mwini galimoto."

Anayamba ndi batire laling'ono. Linali lofooka, ndiye analumikiza lake. Kenako analowetsa makina oyezera pansi pa chiwongolero, ndipo makinawo anatchula mota ndi inveta.

"Ndinanena ine," ndinatero.

"Simunanene kanthu. Makinawa amangoloza mudzi, nyumba timafufuza tokha."

Anavala magolovesi a labala, anazula pulagi ya olenji ku batire lalikulu n'kuiika m'thumba mwake. Ndinafunsa chifukwa chake akubisa chipangizo changa. Anati akuopa kuti wina angaibwezeretse manja ake ali mkati, ndipo anandiyang'ana ine. Tinadikira mphindi khumi kuti magetsi otsalira athe, iye n'kuyeza kuti atsimikize.

Ku mota kumapita mawaya atatu onenepa. Anawamasula n'kuwayeza awiriawiri, katatu. Manambala onse anafanana, ndinawalemba ndekha. Anayezanso ngati magetsi akuthawira ku chitsulo cha kunja kwa mota. Sankathawa. Kenako anandipatsa tochi nati ndiunike mabauti omangira motayo. Anali ndi fumbi lofiira louma, lofanana ndi la paliponse pansi pa galimotoyo. Sipanala inali isanawakhudzepo.

"Mota ndi yanu, madala, ndipo ndi yamoyo," anatero.

Atatsegula inveta, fungo la pulasitiki yopsa linatipeza tonse awiri. Mmisiri uja anazungulira n'kukagona chagada kutsogolo kwa galimoto. Podzuka anali ndi ulusi wa buluu pakati pa zala, wa chingwe chimene amamangira matumba pa lole. Anandionetsa pamene anauchotsa, pa chitsulo cha pansi pa bampala. Penti ya pamenepo inali itapalika.

"Inakokedwa imeneyi. Mtunda wautali."

Anafotokoza mwachidule. Matayala a kutsogolo akamazungulira, mota imazungulira nawo n'kumapanga magetsi ngati dayinamo ya njinga. Galimoto ikakhala yozima, magetsiwo amasowa kolowera, pampu yoziziritsa inveta siyenda, ndipo inveta imapsa. Galimoto zotere amazinyamula pa lole, sazikoka.

Ndinafunsa ngati n'kutheka kuti anaikoka ndi makanika uja. Anati inachoka ku galaja ikuyenda yokha, ine mwini ndikuyendetsa, ndiye ndifunse kunyumba.

Akazi anga ndi amene anawaimbira foni alamu aja n'kuiika pokweza.

"Achimwene, galimoto ija inafika bwanji kuno?"

Apa m'pamene alamu anaulula zonse. Ku Bembeke tsikulo kunali chifunga, anayatsa magetsi ndipo anaiwala kuzimitsa mpaka maliro anatha. Batire laling'ono linatha. Amuna a pamaliro anaikankha pamtsetse katatu monga amachitira ndi minibasi, osadziwa kuti yotere silira ndi kukankha. Atailumikiza kanthawi ku batire la lole ya kachewere kuti giya imasuke, mwini lole, amene ankathamangira kumsika, anati aimange kumbuyo, ikalira kutsogolo. Anaikoka mpaka pageti pathu.

"Nanga bwanji simunanene, alamu?"

"Galimoto iliyonse imakokedwa, alamu. Ndimati n'zazing'ono. Komanso munali mutapeza kale wakuba wanu, ine ndikanalowererapo bwanji?"

Mmisiri uja anaseka mpaka anagwira bampala. Ine ndinatseka kope.

Lero ndi Loweruka. Makanika uja ndamuimbira kanayi, sakuyankha. Ndapita ku galaja ndapeza patsekedwa, oyandikana nawo akuti watseka msanga chifukwa kulibe ntchito. Inveta ina ifika Lachinayi kuchokera ku Lilongwe, ndipo mmisiri wati adzayezanso mota galimoto ikuyenda asananene kuti zatha. Mawa, Misa yoyamba ikatha, ndikaima pamalo omwe aja pamaso pa abambo atatu aja, kope ndi ulusi zili m'manja, ndikabweze mawu anga. Alamu alonjeza kuti akakhalapo kuti akanene okha za chingwe. Akazi anga akuti ndikawatenge alamuwo kunyumba kwawo m'mamawa, apo ayi sabwera.