Foni Yofunda M'chitenje

Mvula itagwa sabata yathunthu kwathu ku Tukombo, sola ya padenga inalibenso chotipatsa. Batire la m'nyumba linafa, ine n'kumasunga timoto totsala m'foni ngati mchere womaliza.

Tsiku lina masana mwana wanga anatentha thupi, maso n'kuyamba kutembenuzika. Bambo ake anali ku Usisya kokagula usipa. Woti atithamangitsire kuchipatala anali mlamu wanga wa njinga yamoto, amene amanyamula anthu ku Kande.

Nditapisa dzanja m'chitenje ndinapeza foni ili yofunda, chonsecho sindinaikhudze chiyambire m'mawa. Ndili ndi satifiketi ya zamakompyuta, ndikudziwa kuti foni yongokhala sifunda. China chake chinkagwira ntchito m'katimo: pulogalamu yolembamo sikelo ya mwana, imene ndinaikamo ndekha. Inkasakasaka netiweki osapuma kuti itumize zinthu zake, pomwe kwathu netiweki ndi ya apo ndi apo. Ku koleji tinkalemba zoterezi. "Ikakanika, iyesenso," ankatero aphunzitsi, soketi zili pakhoma lililonse. Palibe anafunsapo kuti kuyesako kudzadya moto wa yani.

"Imbani, amake mwana, mukuyang'ananso chiyani?" anatero apongozi anga, mwana akunjenjemera m'manja mwawo.

"Chikudya moto, amayi. Ndichizimitse kaye."

"Chikudya n'chiyani? Muli mbewa mmenemo?"

Zala zinkangoterera ndi thukuta, ndipo kufufuza kwanga m'fonimo kunkadyanso moto womwewo. Ndinazisiya, n'kupeza nambala ya alamu. Koma dzanja linachita zomwe linazolowera: ndinangofulasha, kuliza kamodzi n'kudula kuti iwo aimbe. Nditazindikira ndinadinanso, foni n'kuda bii.

Sindinalire, mantha sanandipatse mpata. Ndinabereka mwana n'kuyamba kuponda matope kulowera kumsewu waukulu, apongozi akupemphera m'Chitonga kumbuyo kwanga. Njira yonse ndinkamvetsera kampweya kake pakhosi panga. Kakachedwa pang'ono, ndinkawonjezera liwiro.

Alamu anatipeza tisanafike pamsewu wa tala.

"Alamu, kufulasha kenako n'kuzimitsa foni? Ulemu wake ndi umenewo?" anandifunsa akuimitsa njinga.

Ataona maso a mwana nthabwala zinathera pomwepo. Anangoti, "Kwerani, mugwiritse." Akuti ataimba n'kupeza foni yozima, mtima sunawakhazikike.

Anali malungo, ndipo mwana anachira. Pulogalamu ija ndinaichotsa tikadali kuchipatala. Koma mpaka lero kukangochita mitambo, ndimagwira mwana pamphumi, kenako foni kumsana kwake.