Maliro Amene Amayi Sanauzidwe

Amayi anga anayamba kupalira m'munda wa eni ake chaka chimene ndinabwerera kwathu ku Dambe. Ndinali mlangizi wa zaumoyo, wa sikelo ya ana ndi katemera, ndipo ndinachita kupempha kuti andisamutsire kumudzi chifukwa m'nyumba mwa amayi munalibenso munthu wina. Achimwene anali ku Joni, ndipo chimene ankatumiza mosaphonya ndi moni.

Mundawo unali wathu kalekale, malemu bambo asanausinthanitse ndi dimba. Amayi ankangodzuka, kutenga khasu, n'kutsetsereka nalo ngati palibe chimene chinasintha. Mwini munda anawapeza kawiri ali pakati pa mizere ya mbatatesi. Kachitatu sanawalankhule, anangopita kukauza anthu. Kwathu nkhalamba ikapezeka m'munda wa wina, safunsa kuti yasochera bwanji, amafunsa kuti ikufuna kuchotsamo chiyani. Palibe amene anandiuza pamaso kuti amayi ndi mfiti, koma ndinaona ana akuyamba kulambalala njira ya pakhomo pathu. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinkadziwa zimene zimawaonekera okalamba mphekesera zotere zikakhwima.

Mwezi womwewo anatiitanira ku boma ku maphunziro a masiku atatu. Kunabwera anthu ofufuza za ubongo, atanyamula ubongo wa pulasitiki umene unkatseguka pakati ngati dzungu. Anatiuza kuti pali matenda a ukalamba amene amayamba kuwononga mbali imene imasunga zatsopano, pamene zakale zimatsala nthawi yaitali. Wodwala amaiwala kuti wadya, koma njira ya kumunda wa paubwana wake amaidziwa bwinobwino. Ndinakhala kumbuyo ndikulemba chilichonse, chifukwa munthu amene ankamufotokozayo ndinali nditamusiya kunyumba, khasu lake nditalibisa padenga.

Ine ndine waphuma, ndipo ndikadziwa kanthu sindigona nako. Lachinayi lotsatira ndinapempha mpata pa msonkhano wa amayi kutchalitchi. Ndinaimirira kutsogolo ndi chithunzi cha ubongo, ndinaloza apa ndi apo ngati ndinaupanga ndine.

"Amayi anga si mfiti," ndinatero. "Akudwala. Zimene mwawauza m'mawa, masana kulibe. Ngakhale muwapatse moni kakhumi, sakumbuka kuti munabwera."

Anthu anamva, ndipo sindinayembekezere kuti amva msanga chotero. Mwini munda uja anabwera ndi beseni la mbatatesi kudzapepesa. Ana anayambanso kudutsa pakhomo. Mu lipoti langa ndinalemba monyadira kuti mudzi wamvetsa.

Chimene sindinachione msanga n'choti pakhonde pathu panayamba kuzizira. Amayi odutsa ndi mitolo ya nkhuni ankaima panjira n'kufuulira ine kuti, "Adzuka bwanji odwalawo?" eni akewo ali pompo pamkeka. Amayi ankawomba m'manja kuti ayankhe, koma pofika poti "Tadzuka, kaya inu," anthu aja anali atapita. Sindikuwada. Mtunda wa kwathu ndi wautali, ntchito ndi yambiri, ndipo ndine ndemwe ndinawauza kuti kukwera kudzaona amayi n'kungodzivutitsa. Masiku amene ndinalibe sikelo tinkakhala awiriwiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikuyankha funso limodzimodzi, iwo akuyang'ana kunjira. Ndinkasungulumwa mpaka kumalankhula ndi nkhuku.

Mmodzi yekha sanasiye kubwera. Anali mayi wokalamba wa kutsidya kwa mtsinje, mnzawo wa amayi kuyambira ali atsikana, amene anaimba nawo kwaya zaka zambirimbiri. Pa msonkhano wanga uja analipo, koma makutu ake anali atatha, choncho sanamve kanthu. Ankabwera ndi ndodo yake, n'kukhala pamkeka, awiriwo n'kumasankha nyemba. Wina ankakamba za mvula, wina za ukwati wa munthu amene anamwalira kalekale, ndipo onse ankaseka pa nthawi yake.

Mayi ameneyu anamwalira m'nyengo yozizira. Kwathu uthenga wa maliro saufuulira panjira. Wotumidwa amalowa pakhomo, amakhala pansi, n'kuuza wamkulu wa pakhomopo maso ndi maso. Bambo amene anatumidwa kwathu anaima pa mtengo wa manachesi n'kundikodola.

"Agogo a kutsidya aja atisiya. Nanga amayiwa tiwauze?"

"Ayi, asiyeni," ndinayankha mosaganiza kawiri.

Ndinali ndi chifukwa. Ku maphunziro kuja anatichenjeza kuti wodwala wotere ukamuuza za imfa amalira, amaiwala, amafunsanso, ndipo ukamuuzanso amalira ngati akumva koyamba. Ndinkafuna kuwateteza. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinathamangira kusiwa kukapepesa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditabwerako.

Koma njira ya kumanda imadzera kumunsi kwa nyumba yathu. Masana nyimbo zinayamba kumveka kuchokera kumtsinje. Amayi anasiya lichero, anaimirira, n'kuyamba kumanga duku.

"Ndani watisiya?"

"Ndi a kutsidya, amayi. Simukuwadziwa."

"Kutsidya kulibe munthu amene sindimudziwa. Nanga bwanji sanabwere kudzatiuza?"

"Mwina anaiwala."

"Iwe, maliro saiwala kuuza munthu. Kodi tinawalakwira chiyani anthuwa?"

Ndinawagwira mkono n'kuwakhazika pansi. Bokosi likudutsa kumunsi, amayi anayamba kuimba nawo ali pamkeka pomwepo, ndime zonse, osaphonya liwu, osadziwa kuti akuimbira ndani. Ine ndinalowa kukhitchini kukalira. Pamene anthu ankabwerera kumanda, amayi anali ataiwala zoti kunadutsa maliro, ndipo ndinaganiza kuti zatha.

Sizinathe. M'mawa mwake anakana phala. "Pali chimene tinawalakwira anthu a m'mudzi muno," anatero. Nditawafunsa kuti n'chiyani, anangopukusa mutu. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ankandituma kuti ndigwire nkhuku tikapepese, koma osadziwa kuti kwa yani. Nditatopa ndinatsegula kope langa la ku maphunziro kuti ndione ngati ndinadumpha kanthu. Ndinakapeza pa tsamba lomaliza, m'zolemba za dzanja langa lomwe: chochitika chimafufutika, koma chimene munthu anamva mumtima chimatsala. Ndinali nditalemba zimenezi tsiku lachitatu la maphunzirowo, maganizo ali kale pa galimoto yobwerera kwathu.

Patatha milungu iwiri ndinaganiza zochita zimene zinayenera kuchitika poyamba. Ndinavala chitenje, ndinakhala pansi patsogolo pawo monga amakhalira wotumidwa, ndinawomba m'manja, n'kuwauza kuti mnzawo uja watisiya. Anamudziwa nthawi yomweyo. Analira momutchula dzina la paubwana limene ine ndinali ndisanalimvepo. Atatonthola anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Maliro ndi liti?"

"Anaika kale, amayi."

"Anaika? Nanga ine ndinali kuti?"

"Munali pompano. Ndine ndinawaletsa kuti asakuuzeni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mopanda mkwiyo. Kenako analankhula mwaulemu, monga ankalankhulira ndi alendo.

"Inu a zaumoyo, mwina kwanu mumatero. Koma mwana wanga akanakhala kuti alipo, sakanalola zimenezi."