Bowa wa Alamu Anga a Benwell

Alamu anga a Benwell Mwanza, amene anakwatira mlongo wanga Everlyn, anabadwa ndi manja a dimba, koma mwayi anauiwala m'mimba mwa amayi awo. Zaka zisanu ndi ziwiri anali kutaya zinyalala za kukhitchini pa loji ina ku Mfuwe: makoko a mbatata, masamba a kabichi, zotsala za anyezi. Ganyu chabe, ya miyezi ya alendo. Mvula ikagwa, kunyumba.

Mu 1996 kunabwera mayi Musonda, alangizi a zaulimi ochokera ku Kasama, ali ndi botolo limodzi la mbewu ya bowa. Anati zinyalala zija mukaziumitsa, kusakaniza ndi zotsala za thonje n'kuziphika mu diramu, bowa amamera ngakhale chilimwe. Bwana wa loji anati, "Benwell, ukabweretsa bowa alendo asanathe, ntchito ya dimba ndi yako chaka chonse."

Alamu anaphika zinyalala tsiku lathunthu. Ine ndinawafunsa ngati ndiwo zasowa chonchi pamudzi pathu. Sanaseke. Analongedza m'mapulasitiki twente, nawapachika m'kanyumba kamdima kuseri kwa nkhokwe, n'kumawaza madzi pansi m'mawa ndi madzulo. Patatha masabata atatu matumba onse anayera mbuu ndi chuku. Mayi Musonda anati bowayo ndi ameneyo, chachikulu asaone dzuwa.

Tsono alamu amakhala kwathu kuchikamwini, ndipo kuno mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso. Anatuma Everlyn kuti akauze amayi za kanyumbako.

"Ndamva, atate ake Susan, ndiwauza," anatero Everlyn.

M'mawa mwake Everlyn anakwera minibasi ya ku Chipata kupita kumaliro, osawauza.

Amayi analowamo kufuna lichero, n'kuona chuku. Kwa amayi anga chinthu chikachita chuku, kaya ndi chimanga kaya bulangete, mankhwala ake ndi dzuwa. Anang'amba matumba onse nayanika pamphasa, padzuwa la Seputembala la m'chigwa muno. Anakhalanso pomwepo ndi kandodo kuingitsa nkhuku.

Ine ndi alamu tinafika cha m'ma sikisitini madzulo, zonse zitauma gwa. Alamu anaima patali, njinga ili m'manja.

"Hosea," anatero amayi kwa ine, "auze alamu ako kuti katundu wawo anayamba kuola. Ndawapulumutsira."

"Alamu, mwamva nokha. Ndiwayankhe kuti chiyani?"

Anayang'ana mphasa, nayang'ana ine. Kenaka anagoneka njinga, nagwada, naomba m'manja.

"Auzeni kuti zikomo kwambiri."

"Akuti muzitero kawirikawiri, amayi," ndinatero. Diso limene anandiponyera alamu sindidzaliiwala.

Mayi Musonda analibe botolo lina, ndipo pofika Novembala akuntchito kwawo anali atawasamutsa. Dimba bwana wa loji analipereka kwa munthu wina wa ku Mambwe. Everlyn atabwerako kumaliro kuja, alamu anakhala masiku anayi osamulankhula. Ngakhale madzi osamba ankapempha kudzera mwa ine.