Mlaliki wa Pawindo

Ndikukumbukira katchalitchi kathu ka kumudzi, kuseri kwa Madzimoyo, zaka za m'ma 1990 zitangoyamba. Kanali ka zidina, malata a dzimbiri, ndipo mkati munkanunkha mileme. Abusa ankakhala kutali, ankabwera nthawi ya mgonero yokha. Masabata ena onse tinkadalira buku lakale la ziphunzitso limene amishoni anasiya, lodyedwa ndi mphemvu m'mbali.

Buku limenelo linkadziwa amuna okha. Chiphunzitso chilichonse chinkayamba ndi "Amuna inu, abale anga," ndipo ufumu wakumwamba unali wa ana aamuna okhulupirika. Mkazi ankatulukiramo nkhani ikafika pa miseche kapena pa chipatso cha m'munda muja. Chonsecho Lamulungu mbali ya amayi inkadzaza mpaka ena kukhala pansi, pomwe abambo onse akanakwana pa ngolo imodzi, malo a mbuzi n'kutsala.

Wowerenga anali mkulu wa mpingo, a Zulu, mpaka ng'ala inawagwira m'maso. Amuna ena odziwa kuwerenga anali ku migodi, ena pa chilango chifukwa cha kachasu. Anatsala mayi anga, mphunzitsi wa pulayimale, wamasiye. Apa ndiye panavuta, pakuti buku lomwelo linkati mkazi akhale chete m'nyumba ya Mulungu. Akuluakulu anakhala pansi n'kupeza nzeru imene ndimaigomera mpaka lero: amayi aziwerenga, koma ataima panja, pawindo. Kunja kwa khoma si m'nyumba ya Mulungu.

Choncho Lamulungu lililonse amayi ankavala diresi lawo losita, n'kukaima pa udzu pamene pankadutsa linthumbu, n'kuyamba ndi mawu awo a m'kalasi: "Amuna inu, abale anga." Mkati amayi onse ankavomera. A Zulu ankakhala kutsogolo, manja pamimba, akugwedeza mutu ngati mawuwo akutuluka mwa iwo. Ine zinkandiwawa. Kusukulu ankanditcha mwana wa mlaliki wa pawindo, ndipo ndinkawapempha amayi kuti asiye. Iwo ankangoti anthu asagone ndi njala ya Mawu chifukwa cha khoma.

Tsiku lina mu Januwale mvula inakhuthuka pemphero lili mkati. Malata ankalira, ndipo madzi a padenga ankawathira amayi pamsana, iwo atabisa bukulo m'chitenje. ANaphiri, mayi wachikulire wogulitsa zitumbuwa pamsewu, analephera kupirira.

"A Zulu, munthu akunyowa uyo! Mulowetseni!"

"Lamulo ndi lamulo, amayi," anayankha a Zulu. "Sindine n'nalemba."

ANaphiri anadzuka, n'kumanga chitenje, n'kutuluka. Wina anawatsatira, kenako wina, mpaka mbali yonse ya amayi inatsala mabenchi okha. Nanenso ndinatuluka. Tinaima m'matope mowazungulira mayi anga, mipango itanyowa, makanda akulira kumsana. Amayi anayang'ana m'buku, anatiyang'ana ife, n'kunena mokweza: "Amayi inu, abale anga." Atafika pa ana aamuna a Mulungu, anati ana aakazi a Mulungu. Nthungululu inaposa mvula. Ndinalira osadziwa chifukwa chake. Lero ndikudziwa: kanali koyamba kumva kuti kumwamba kuja nanenso, mwana wamkazi, ndili ndi gawo.

Mlandu sunachedwe. Amuna omwe sanaone vuto kunyowetsa munthu anaona vuto lalikulu pa mawu awiri. Anati mayi anga apotoza mawu opatulika, apepese. Amayi anakana. "Ndinawerengera anthu amene anali pamaso panga," anatero. Anawaika pa chilango, n'kuwaletsa mgonero, n'kuwakhazika benchi lakumbuyo limodzi ndi a kachasu aja. Izi zinawapweteka kuposa mvula, pakuti chibatizidwire anali asanaphonyepo mgonero. Abusa atabwera, mbale ya mkate inawalambalala, ndipo ndinaona misozi ikugwera pa diresi losita lija.

Mpingo unabwerera kwa a Zulu, amene ankalalikira za pamtima. Tsoka ilo, pamtima pawo panali Yona yekha. Yona anamezedwa ndi kulavulidwa sabata ndi sabata mpaka tinakolola chimanga, chinsomba chija chitatoperatu. Amayi anabwezeretsedwa chaka chitatha, mwakachetechete, ngati mbuzi yosochera imene yabwera yokha.

Masiku ano tchalitchi chija n'cha njerwa zowotcha, chili ndi zokuzira mawu, ndipo abusa ake ndi mayi. Buku latsopano limayamba ndi "Amayi ndi abambo, abale ndi alongo." Akuluakulu a lero, ena mwa iwo ana a oweruza aja, amalitamanda n'kumati mpingo wathu sunasankhepo munthu. Mayi anga anamwalira asanaligwire. Mawu amene anawalangira lero ndi osindikizidwa bwinobwino, ndipo ana amawaloweza. Chosasindikizidwa mpaka pano ndi pepani.